Mabatire a vape patatha chaka: Samsung 25R, Molicel P26A ndi aja a basela

Chaka chatha ndinagula mabatire a saizi yotchedwa 18650 oti ndiziika mu vape (ndudu yamagetsi) yanga, ya kabokosi kolowa mabatire awiri: Samsung 25R awiri ndi Molicel P26A awiri. Wogulitsa anandiwonjezeranso ena awiri a basela, opanda dzina la fakitale lodziwika. Pano ndawagwiritsa ntchito mokwanira moti ndingathe kunena zimene ndaona.

Anayi a mafakitale odziwikawo akugwirabe ntchito. Ali atsopano, awiri ankandifikitsa usiku, koma masiku ano dzuwa likapendeka ndimasintha. Izi sizodabwitsa, batire la lithium limafooka likatchajidwa kambirimbiri. Chimene chandikhazika mtima pansi n'chakuti sanatenthepo m'manja. A Molicel ndi amene akuoneka kuti akadali ndi mphamvu, chifukwa ngakhale moto ukatsala pang'ono kutha utsi umatulukabe bwino, pamene a 25R amayamba kufooka msanga. Kusiyanako si kwakukulu, ndipo onse ndingawagulenso.

Kusatenthako kuli ndi chifukwa. Pogula, anthu amathamangira nambala ya mAh, yosonyeza kutalika kwa nthawi imene batire likhale ndi moto, n'kuiwala ma amp amene lingatulutse mosalekeza osatentha, omwe amalembedwa kuti CDR. Samsung 25R ndi la 2500mAh ndi ma amp 20. Ine ndimasuta pa ma watt 80, kutanthauza ma watt 40 pa batire lililonse. Mukagawa 40 ndi 3.2, omwe ndi ma volt a batire lotsala pang'ono kutha, n'kuwonjezera pang'ono pa moto wotayika m'kati mwa makina, mupeza ma amp pafupifupi 14. Apa 25R silikukakamizidwa. Koma ma watt 80 omwewo pa vape ya batire limodzi akufuna ma amp oposa 25, ndipo 25R lomwelo lingakhale pa ngozi.

Aja a basela analembedwa 9900mAh. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Batire lenileni la 18650 kawirikawiri limathera cha m'ma 3500mAh, ndipo lofika pamenepo limatulutsa ma amp 10 okha kapena kuchepera, chifukwa mAh ikakwera ma amp amatsika. Ndinawaika pa sikelo ya kukhitchini. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45, koma amenewa anali opepuka kwambiri, osafika n'komwe pafupi. Mu vape sanalowemo.

Chimene chaka chandiphunzitsa kwambiri ndi nkhani ya kapulasitiki kokuta batire. Ambiri amaona ngati n'kokongoletsa chabe. Chitsulo chonse cha batire, kuyambira pansi mpaka m'khosi, ndi negative. Positive ndi kachipewa ka pamwamba kokha, ndipo pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa kwambiri, kotsekedwa ndi kamphete kotchinga moto. Pulasitiki ikang'ambika chapamwambapo, kachitsulo kalikonse kangalumikize mbali ziwirizi n'kuchititsa shoti. Chitseko cha vape yanga chili ndi m'mphepete mwakuthwa, ndipo patapita miyezi chinakanda batire limodzi paphewa. Kung'ambikako kunali kochepa ngati kambewu ka mpunga, chitsulo chikunyezimira pansi pake. Ndinalivula pulasitiki yonse ndi chala, osati mpeni, n'kuliveka ina yatsopano ya m'shopu ya vape, kubwezera kamphete kaja pamalo pake, kenaka kuuzira ndi makina oumitsira tsitsi mpaka inagwira thupi. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chilichitireni zimenezo, batire lililonse ndimaliyendetsa chala kuzungulira ndisanaliike.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa anthu apsa nazo. Lipoti la U.S. Fire Administration la mu 2017 linawerenga ngozi 195 za ndudu zamagetsi zimene zinaphulika kapena kuyaka ku America kuyambira 2009 mpaka 2016, ndipo anthu 133 anavulala. Mwa ngozizi, 61 zinachitikira m'thumba la chovala. Batire lopanda kabokosi likakumana ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo m'thumba la thalauza, limatentha mofulumira kwambiri, munthu asanavule n'komwe. Mu 2018 bambo wina anamwalira ku St. Petersburg, Florida, vape itamuphulikira. Inali ya mtundu wa mechanical mod, yopanda chip yodula moto zinthu zikalakwika. Komanso dziwani kuti Samsung, LG ndi Murata (Murata ndiye anagula fakitale ya mabatire ya Sony mu 2017) amanena poyera kuti mabatirewa sanawapangire vape. Anawapangira zinthu ngati makina oboolera, momwe amakhala otsekeredwa pamodzi ndi zida zowateteza. Mukalitulutsa lokha, woliteteza ndinuyo.

Potchaja ndimagwiritsa ntchito chaja yapadera yoima yokha ikafika ma volt 4.2, pa amp imodzi, ndili pomwepo. Magetsi akamavuta, pamakhala chiyeso chosiya mabatire pa chaja usiku kuti akayaka atchajike tili mtulo. Ine ndimalolera kudzuka opanda moto. Sindiwasiyanso m'galimoto yotsekedwa, makamaka kutentha kwa mu Okutobala. Awiri oyendera limodzi ndinawalemba chizindikiro chimodzi, amatchajidwa limodzi ndi kutha limodzi, chifukwa mukasakaniza lakale ndi latsopano, lofookalo limapanikizidwa.

Pogula, dzina lokha lisakunyengeni. LG HG2 ndi Sony VTC5 ndi ena mwa amene akuba amakonda kukopera, kungokuta batire lachabechabe ndi pulasitiki yofanana. Gulani m'shopu yodziwa kumene katundu wake amachokera, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, siyani.

Anga ndiwapumitsa miyezi ikubwerayi, kapena msanga ngati lina lingaphwanyike, kuchita dzimbiri, kapena kuyamba kufunda potchaja. Lotha ntchito ndimalimata tepi yakuda ya magetsi mbali zonse ziwiri n'kulipereka kumene amalandira mabatire akale. Musaliponye kudzala kumene mumatentha zinyalala, chifukwa likalowa m'moto limaphulika, ndipo kawirikawiri amene amakhala pafupi ndi dzala ndi ana.