SRS-22r, SAQ, TAPS kapena KSAQ, fomu iti yofunsira wachinyamata wa msana wopindika?

Anzanga a fiziyo, chibwerere kuno ku Turkey kudzachita maphunziro mwakhala mukundifunsa funso limodzi lomweli, wina lero wina mawa, eti fomu yabwino ndi iti yofunsira achinyamata a msana wopindika za momwe amaonera thupi lawo. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi aliyense awerenge yekha. Za kayezedwe ka Cobb angle, muyezo wa madigiri a kupindika kwa msana pa X-ray, sinditayapo nthawi, tonse tinaphunzira, mukudziwa kale kuti scoliosis, kupindika kwa msana chammbali, timaitchula ikadutsa madigiri 10 ndipo msana wa pachifuwa mwachibadwa umapindikira kutsogolo madigiri 20 mpaka 40 kapena 45, ukapitirira apo ndiye tayamba kukamba za hyperkyphosis, kapena kuti kyphosis (kupindikira kutsogoloko) yopitirira muyezo. Chomwe X-ray singakuuzeni ndi chakuti mwanayo akumva bwanji akavula malaya pamaso pa anzake, ndipo mafomu amenewa ntchito yake ndi imeneyo.

Ndiyambe ndi SRS-22r poti ndi imene aliyense amaithamangira. Inachokera ku Scoliosis Research Society, mafunso 22, magawo asanu: ululu, zochita za tsiku ndi tsiku, momwe munthu amadzionera, maganizo, ndi kukhutira ndi chithandizo. Ya chi Turkish ya SRS-22, imene SRS-22r inachokerako, ilipo kuyambira 2005, anaimasulira ndi kuiyesa ndi Alanay ndi anzake, ndiye kuno palibe amene amakutsutsa ukaigwiritsa ntchito, ukalemba pepala aliyense padziko amaimva. Ine ndimaikonda pa nkhani ya ululu ndi maganizo. Koma pa maonekedwe ili ndi mafunso asanu okha, onse a mawu, opanda chithunzi olo chimodzi, ndipo mwana wa zaka 14 ukamufunsa ndi mawu kuti umaoneka bwanji ukavala zovala amangosankha yankho lapakati kuti umusiye azipita. Ambiri a msana wopindika pang'ono amapeza mamalikisi okwera kwambiri moti fomuyo imalephera kusiyanitsa amene akuvutikadi ndi amene alibe nazo ntchito.

WRVAS (Walter Reed Visual Assessment Scale), ija ya 2003, zinthu 7 chilichonse zithunzi zisanu, ndi gogo wa mafomu a zithunziwa ndipo ulemu wake tiupereke, koma pano ndiyosowa chifukwa choisankhira poti SAQ inamera pa iyo yomweyo.

SAQ (Spinal Appearance Questionnaire) inatuluka 2007 kuchokera kwa Sanders ndi gulu lake, ili ndi zithunzi komanso mafunso a zomwe mwana akufuna zitasintha, ngati kufuna mapewa ofanana kapena chiuno chofanana, ndipo ilinso ndi fomu ya kholo payokha, chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri chifukwa nthawi zambiri mayi ndi mwana saona zofanana. Vuto lake ndi kutalika. Yathunthu ija imapitirira mafunso 30, mwana amatopa, pofika kumapeto akungochonga. Mu 2011 Carreon ndi anzake anaonetsa kuti mafunso 14 okha ndi amene amagwira ntchito yowerengera, 10 a maonekedwe ndi 4 a zoyembekezera, ndiye ngati mwasankha SAQ werengerani motero. Pa scoliosis ine SAQ ndi imene ndingatenge, sindibisa.

Tsopano TAPS (Trunk Appearance Perception Scale), ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Inapangidwa ku Spain, Bago ndi anzake 2010, zithunzi magulu atatu okha: thupi kuliona kumbuyo, munthu atawerama, ndi kuliona kutsogolo, ndipo cha kutsogolocho pali cha anyamata ndi cha atsikana. Mphindi imodzi mwana wamaliza, mawu omasulira ndi ochepa, ndiye ma kiliniki otanganidwa amaikonda koopsa. Pa scoliosis ilibe mlandu. Koma taganizani bwino, pa zithunzi zitatu zija palibe olo chimodzi choona munthu chammbali, pomwe kyphosis imaonekera chammbali basi.

Pa kiliniki ina pomwe ndinkaphunzira ntchito panabwera mnyamata wa Scheuermann, mtundu wa kyphosis wobwera chifukwa cha kusintha kwa mafupa a msana, msana wake unali utadutsa madigiri 60, ndipo lamulo la pamalopo linali lakuti wachinyamata aliyense wa msana wopindika apatsidwe TAPS ndi SRS-22r, osayang'ana kuti wapindikira kuti. Mnyamata uja anayang'ana zithunzi, nasankha zowongoka zonse, ndipo sananame ayi, ukamuona kumbuyo mapewa ake anali ofanana bwinobwino, chiuno chilibe vuto. Mamalikisi anatuluka okongola, mu fayilo munalembedwa kuti maonekedwe sakumudetsa nkhawa, nkhani yatha. Koma mayi ake ali panja pa chitseko akutiuza kuti mwanayu nyengo yotentha yonse amavala jekete, kunyanja anasiya kupita, pa zithunzi za banja amaima kumbuyo kwa anthu, ndipo brace, chovala cholimba chogwira msana, anapatsidwa ija ili pansi pa bedi chifukwa akuti imangowonjezera kuti anthu amuyang'ane. Ndinapsa mtima tsiku limenelo, osati ndi mwanayo, koma ndi kachitidwe kongogawa fomu chifukwa ndi yaifupi. Kuli ngati kuyeza kutalika kwa mwana pa sikelo ya kulemera, nambala ituluka ndithu koma si ya chimene ukufunacho. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti nambala yabodzayo imatseka pakamwa aliyense, adokotala akaona pepala likuti zili bwino safunsanso, wa uphungu satumizidwa, mwana amabwerera kunyumba ndi katundu wake yense.

Musaiwale kuti Scheuermann si kukhala molakwika chabe kumene makolo amakalipira kuti tawongoka iwe. Holger Scheuermann wa ku Denmark anaifotokoza cha m'ma 1920, ndipo muyezo wa Sørensen wa 1964 umati mafupa atatu otsatizana a msana akhale opanikizika kutsogolo madigiri 5 kapena kuposa lililonse. Ndi fupa lenilenilo lasintha, mwana sangawongoke ndi kufuna kokha, ndiye amakula akunenedwa kunyumba, akusekedwa kusukulu kuti wa linunda, ndipo chomwe chimamubweretsa kuchipatala nthawi zambiri ndi maonekedwe limodzi ndi ululu. Olo pokambirana za opaleshoni, yomwe pa kyphosis imaganiziridwa msana ukafika cha m'ma 70 kapena 75, momwe mwana amadzionera zimalowa mu chiganizo. Ndiye fomu yosaona chammbali ikuthandiza chani pamenepo?

N'chifukwa chake ndinasangalala ndi KSAQ (Kyphosis-specific Spinal Appearance Questionnaire). Inapangidwa ku Texas kuchokera ku SAQ yomwe ija koma yolunjika pa kyphosis, ndi yaifupi, ndipo ofufuza a kuno anaimasulira mu chi Turkish ndi kuiyesa pa achinyamata a hyperkyphosis yapakatikati. Ena mumati kumasulira fomu ndi ntchito ya madzulo amodzi, ayi ndithu abale. Anthu awiri amamasulira aliyense payekha, amaphatikiza, kenako ena amene sanaonepo yoyambirira amaibwezera ku Chingerezi, komiti imakhala pansi kuyerekeza, ndiye amaiyesa pa ana ochepa kaye kuti aone ngati akumva zomwe zikufunsidwa, njira ija Beaton ndi anzake analemba mu 2000. Zikatero m'pamene masamu amayamba. Cronbach alpha imaona ngati mafunso akukokera mbali imodzi, timafuna isatsike pa 0.70. Amabwerezanso fomu kwa ana omwewo pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri kuti aone ngati mayankho sakusinthasintha popanda chifukwa, nambala yoyezera zimenezi ndi ICC. Amaiyerekeza ndi fomu ina yodziwika kale, makamaka gawo la kudziona la SRS-22 lija, ndipo amayang'ananso ngati anthu oposa 15 pa 100 aliwonse aunjikana pamwamba penipeni kapena pansi penipeni, chifukwa zikatero fomuyo siikusiyanitsa kanthu. Fomu imene yadutsa zonsezi ndi yosiyana kutalitali ndi imene wina wangoiponya pa Google Translate n'kusindikiza.

Sindikuti KSAQ ilibe zofooka. Ndi yatsopano, siinayende m'manja mwa anthu ambiri ngati SRS-22r, ndipo poti ya chi Turkish inayesedwa pa a kupindika kwapakatikati, musangoitenga kuti ichita chimodzimodzi pa mwana wa madigiri 90 amene akudikira mpeni. Komanso nkhani yake ndi maonekedwe, pomwe a Scheuermann ambiri msana umawawa, ndiye payokha siikwana.

Kanthu kena kamene kamagwetsa anthu pa kompyuta: mamalikisi sayenda mbali imodzi. Pa SRS-22r ndi TAPS nambala yokwera ndi zabwino, pa SAQ ndi WRVAS nambala yokwera ndi zoipa. Ukaziyika mu tebulo limodzi osalemba pamwamba, mwana amene akuipiraipira amaoneka ngati akuchira, ndipo ukapeza kugwirizana kwa minus pakati pa SAQ ndi SRS-22r, ina ikakwera ina n'kumatsika, usadabwe, ndi momwe ziyenera kukhalira.

Ndiye mukandifunsa ine, wa scoliosis mpatseni SAQ yowerengera mafunso 14 ija pamodzi ndi SRS-22r, mzere ukakhala wautali TAPS ingalowe m'malo mwa SAQ palibe vuto. Wa kyphosis ndi KSAQ pamodzi ndi SRS-22r, ndipo TAPS isayandikire n'komwe, olo bwana anene kuti ndi lamulo la pano mufotokozereni mwaulemu chifukwa chake. Mwana adzaze yekha, kholo likhale patali pang'ono, chifukwa mayi akaima pambali mwana amayankha zokondweretsa mayi.

Kwa inu amene muli kumudzi ku Malawi, zinthu ziwiri. Choyamba, mwana wa chotupa chosongoka pamsana, ululu wa usiku, kutentha thupi, kuonda kapena miyendo kufooka, ameneyo si wa fomu ya maonekedwe, ganizani TB ya msana ndipo mutumizeni msanga kwa adokotala a mafupa, chifukwa imeneyo ikachedwa imapuwalitsa miyendo. Chachiwiri, musatenge ya chi Turkish kapena ya Chingerezi n'kumaimasulira pakamwa pamaso pa wodwala kenako n'kulemba nambala ngati ndi yoyesedwa, aliyense amamasulira mwake ndipo manambalawo sangayerekezedwe. Njira ya anzathu a ku Turkey ija ndi yotheka kwathu, EQ-5D ya Chichewa, fomu yofunsa za umoyo wa munthu, inayesedwa kale pa odwala mafupa ku Malawi ndipo inatuluka mu Malawi Medical Journal mu 2017. Amene mukusaka mutu wa kafukufuku wa digiri, yambani ndi kulembera eni fomu kupempha chilolezo, mupeze omasulira anayi, ndipo poiyesa koyamba mutenge ana a m'tauni ndi a kumudzi omwe, anyamata ndi atsikana, muone ngati zithunzi za thupi losavala malaya azilandira bwanji asanayambe n'komwe kuyankha.