Standard Stock ndi 1938 Stock: kusiyana kuli pansi pa mapazi

Anzanga okonda masitima, mukaona zithunzi za masitima awiriwa a pansi pa nthaka ku London mungaganize kuti ndi pachibale penipeni: onse ofiira, onse aafupi, denga lokhota kuti akwane mu ngalande yopapatiza. Koma tayang'anitsitsani kuseri kwa woyendetsa.

Pa Standard Stock, bogi yokhala ndi mota ili ndi kachipinda pamenepo, kokhala ndi timipata tolowetsa mphepo m'malo mwa mawindo. M'menemo munkakhala zida zowongolera magetsi, pamalo pamene pakanakhala anthu. Masitimawa anapangidwa kuyambira 1923 mpaka 1934, m'magulumagulu ndiponso ndi makampani angapo, choncho dzina loti Standard lisakupusitseni, mabogi ake sanali ofanana onse. Ubwino wake sindikuukana. Zitseko zake zinkatseguka ndi mphamvu ya mpweya, osati pamanja ngati zipata za masitima akale.

Ine mtima wanga uli pa 1938 Stock. Injiniya wamkulu W. S. Graff-Baker ndi anzake, atayesa nzeru yawo pa masitima a 1935, anatsitsira zida zonse kunsi kwa bogi. Kunena n'kosavuta, koma ganizirani kuchepa kwa malo: ngalande zambiri za Tube (njanji za pansi pa nthaka za ku London) sizifika mamita 4 m'mimba mwake, ndipo pansi pa bogi n'potsika mwakuti mawilo amatulukira m'kati, n'chifukwa chake mipando ya pamwamba pawo imatsamira khoma. Pakampata kameneko anakwanitsa kuikapo mota ndi zowongolera zake, okwera n'kupeza malo kuchokera kuseri kwa woyendetsa mpaka kumapeto kwa bogi. Sitima kutalika komweko, pulatifomu yomweyo, koma anthu olowa ochuluka. Metro-Cammell ndi Birmingham Railway Carriage and Wagon anapanga mabogi 1,121, ndipo anagwira ntchito makamaka pa njanji za Northern, Bakerloo ndi Piccadilly mpaka 1988.

Chimene chimandikhudza n'chakuti onse awiri anakakalambira kumodzi, pachilumba cha Isle of Wight, kumene ngalande ya ku Ryde ndi yotsika moti masitima akuluakulu sankakwanamo. Standard Stock inayamba kunyamula anthu kumeneko mu 1967. Mu 1989 mng'ono wake uja, 1938 Stock, anabwera kudzailowanso m'malo, monga anachitira ku London, ndipo anayenda mpaka Januwale 2021, mabogi ali ndi zaka zoposa 80.