Bruges kapena Florence: kophunzira za Ulaya n'kuti?

Wachinyamata wofuna kuzama pa maphunziro a za Ulaya amafika pa mphambano: Bruges kapena Florence.

College of Europe ya ku Bruges, m'dziko la Belgium, idakhazikitsidwa mu 1949. Digiri yake ya masters ndi ya chaka chimodzi, yophunzitsidwa m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndipo ambiri akamaliza amalowera ku Brussels kukagwira ntchito m'maofesi a European Union (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) kapena ya ukazembe. Kwa wofuna ntchito msanga, njira ndi imeneyi.

European University Institute ya ku Florence, m'dziko la Italy, idalandira ophunzira oyamba mu 1976. Kumeneko munthu amatha zaka zinayi akulemba PhD pa mbiri yakale, zachuma, malamulo kapena ndale. Ine chimene chimandikoka mtima ndi nkhokwe ya zikalata zakale za European Union yomwe ili m'nyumba yotchedwa Villa Salviati ku Florence komweko. Wofufuza amawerenga yekha makalata a anthu amene adamanga mgwirizanowu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, osati kungomva za m'maluwa. Ndikadasankha kumeneko, ngakhale ndikudziwa kuti pambuyo pake ambiri amayamba ndi makontirakiti afupiafupi, kusamukasamuka mayiko asanapeze mpando wokhazikika pa yunivesite.