Trimming kapena Soft Drop: iti yoyenera powerengera majeti?

Ophunzira fizikisi ku UNZA (Yunivesite ya Zambia) amene mukufuna kuwerengera majeti (magulu a tizidutswa touluka mbali imodzi ma proton akawombana) a ku LHC, makina aakulu owombanitsa ma proton ku Ulaya, funso ili mukumana nalo msanga. Jeti imatuluka itasakanikirana ndi tizidutswa tofooka tochokera kwina, ndipo njira ziwirizi ntchito yake ndi kupeta, monga achitira mayi ndi lichero.

Trimming, ya Krohn, Thaler ndi Wang, imagawa jeti m'timagulu, n'kutaya kalikonse kosafika pa mlingo woikika. ATLAS, gulu la akatswiri oyesa ku LHC, inkaika 5 peresenti ya mphamvu (pT) ya jeti yonse. Soft Drop, ya mu 2014, imamasula jeti nthambi ndi nthambi potsata Cambridge/Aachen (njira yophatikiza tizidutswa toyandikana), kutaya yofooka mpaka itapeza ziwiri zolimba.

Pa kompyuta: zonse n'zosavuta, pulogalamu ya FastJet ndi zowonjezera zake zili nazo.

Pa masamu, apa mpamene pagona nkhani. Trimming imasiya ma non-global logarithm (mbali za masamu zobwera ndi tizidutswa todutsa malire a dera loyezedwa), omwe ndi ovuta kwambiri kuwaphatikiza, komanso kagawidwe ka kulemera kwa jeti kamapindika m'malo angapo. Soft Drop imachotsa ma logarithm amenewa, n'chifukwa chake mu 2016 akatswiri anatha kuwerengera kulemerako mpaka pa mlingo wolondola kwambiri wotchedwa NNLL.

Wobwereza zoyesa zakale za ATLAS atenge trimming. Koma amene cholinga chanu ndi kuyerekeza mawerengedwe ndi zoyezedwa, ine ndikuti yambani ndi Soft Drop.