Za njinga ya batire ija mukufunsa

Abale anga a ku Mzuzu, mafunso achuluka pa WhatsApp chitumizireni chithunzi cha njinga yanga yatsopano chija, ena mpaka akuti ndagula njinga yamoto. Ayi ndithu si yamoto. Ndi yakapalasa yomweyi, kungoti ili ndi kamota pa wilo lakumbuyo ndi batire lomangirira pa felemu, ukapanda kupalasa siyenda, koma ukangoponda pedulo kamota kaja kamadzuka ndiye pachitunda umangokwera ngati pali munthu akukukankha kumbuyo.

Kuno ku Dublin lamulo lake mota usapitirire 250 watts, ndipo liwiro likafika 25 km pa ola umasiya wokha kukuthandiza, kwinako ndi miyendo yako. Yotereyi safunsa laisensi kapena inshuwalansi. Yanga ndinatengera kuntchito, boma lili ndi dongosolo la Cycle to Work, abwana amakulipirira mpaka 1,500 euro kenako azikudula pang'onopang'ono pa salale msonkho usanachotsedwe. Pakanapanda zimenezo sindikanaiyerekeza, ndi yodula aise.

Mnzanga amene timakhala nyumba imodzi ali ndi galimoto koma masiku ambiri imangokhala panja, chifukwa maulendo athu ndi ati? Kuntchito, kushopu, kutchalitchi basi. Ulendo wa makilomita atatu injini isanatenthe n'komwe wafika kale, ndipo injini yozizira ndiye imamwa mafuta kwambiri, kenako uyambe kuzungulira kusaka pa paking'i pomwenso ndi polipira. Ine ndimafika mpaka pakhomo penipeni, osatuluka thukuta. Mvula yokha ndiye imandinyowetsa, koma munthu wokulira ku Mzuzu mvula ingamuopse?

Ndikamapalasa ndimaganiza za kwathu. Kuchoka ku Chibavi kupita mtauni, kapena Katoto mpaka ku Luwinga kwa ana a pa Mzuni, si mitunda yoti munthu agonere pa filing'i kudikira petulo. Batire langa ndi la 500Wh, ndiye kuti theka la yuniti imodzi ya magetsi omwe mumagula aja, ndikalitchaja usiku limanditengera makilomita opitirira 50 ngati sindinalipanikize. Tangoganizani anyamata a kabaza a Sacramento aja amene amatsika n'kumakankha njinga pachitunda kasitomala akuyenda pambali, atapeza kamota kotere bwenzi akupanga matripu angati patsiku.

Koma tsono a malume, za zoti ndikubweretsereni yanu mvetserani. Batire lotere silikwera ndege ya anthu, malire ake ndi 160Wh, langali ndi katatu kuposa pamenepo ndiye angandilande pa eyapoti pomwepo. Ndipo njinga yopanda batire ndi chimtolo chabe, imalemera makilo 20 ndi kupitirira, kuipalasa choncho ku Mchengautuba m'matope a mu Malichi mungandinene. Batire limathanso mphamvu pakapita zaka zingapo, latsopano ndi ma euro mazanamazana. Tcheni, chubu, masipoko, mabuleki, izo amakanika athu a pansi pa mtengo akonza bwinobwino, koma kabokosi ka mawaya kakalowa madzi ndiye mupita kwa ndani?

Chinanso akuba. Kuno njinga zimabedwa koopsa, ine ndimamanga ndi maloko awiri ndipo batire ndimazula n'kulowa nalo mkati, ngakhale ndikungogula buledi. Komanso osamatchajira tchaja chilichonse chotola pamsika eti, mabatire amenewa akatentha kwambiri amayaka moto wovuta kuzimitsa, ine sinditchajira kuchipinda kogona.

Ndiye ngati mtima uli pomwepo, yambani mwafufuza konko wogulitsa amene alinso ndi mabatire osinthira ndi munthu wodziwa kukonza, mundiuze mtengo tione pothandizana. Magetsi akamavuta sola ija ya padenga ikhoza kutchaja bola pakhale inveta yabwino. Mu Disembala ine ndibwera ndi loko ndi helemeti basi.