Kosi yaulere ya WIPO ya pa intaneti: mmene inandithandizira pa bizinesi yanga ya jamu ndi chiponde ku Zomba

Ndimapanga jamu ndi chiponde kunyumba kwanga ku Matawale. Zipatso zambiri ndimagula kwa anyamata amene amatsika nazo m'phiri la Zomba, ndipo mtedza ndimakapikula ku msika wa Thondwe. Chaka chatha ndinapeza pa shelefu ya golosale ina m'tauni muno mabotolo okhala ndi lebulo yofanana kwambiri ndi yanga: mtundu wobiriwira womwewo, chithunzi cha phiri chomwecho, ndi dzina losiyana ndi langa pa chilembo chimodzi chokha. Zinandiwawa kwambiri, koma ndinadzilimbitsa mtima poganiza kuti satifiketi yolembetsera bizinesi imene ndinaipachika pakhoma inditeteza. Mwana wa achemwali anga aakulu, amene akuphunzira zamalamulo pa University of Malawi konkuno, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Amayi aang'ono, pepalalo likuchitira umboni kuti bizinesi yanu ndi yodziwika ku boma, koma silikunena kuti dzina la pabotolo ndi lanu nokha."

Iyeyo ndi amene anandilozera ku maphunziro amene ndikufuna kuwaunika pano. Amaperekedwa ndi sukulu ya pa intaneti ya WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa nzeru ndi luso, lomwe likulu lake lili ku Geneva, ndipo kosi imene ndinalowa imatchedwa DL-101. Salipiritsa ndalama iliyonse. Chofunika ndi imelo yotsegulira akaunti, foni kapena kompyuta, ndi nthawi yokwana pafupifupi maola 55 yowerenga ndi kuyankha mafunso. Kumapeto kuli mayeso osankha yankho lolondola, ndipo amene wakhoza amapatsidwa satifiketi. Iliponso kosi ina yaifupi kwambiri yotchedwa DL-001, imene munthu angathe kuimaliza masana amodzi, ndipo ine ndinayamba ndi imeneyo kuti makutu azolowere mawu ake. Ndinkawerenga usiku pa foni, ntchito ya mabotolo itatha, moti ndalama yokhayo imene ndinatulutsa ndi ya bandulo.

Phindu lalikulu la kosiyi n'lakuti imamasula zinthu zimene ife amalonda ang'onoang'ono timazimanga mtolo umodzi. Ambirife timangoti "ndinalembetsa", ngati kuti kulembetsa kulipo kumodzi kokha. Kulembetsa dzina la bizinesi kumathandiza kuti utsegule akaunti kubanki ndiponso kuti uzichita malonda movomerezeka. Chiphaso cha Malawi Bureau of Standards chimanena kuti katundu wako wafika pa muyezo woyenera. Koma kuti uletse wina kugwiritsa ntchito dzina kapena chizindikiro chofanana ndi chako pa katundu wofanana ndi wako, pamafunika kulembetsa chizindikiro cha malonda, chimene pachingerezi amati trademark, ndipo iyi ndi ntchito ina yapayokha, yokhala ndi mafomu ake ndi ndalama zake, ngakhale kuti kuno kwathu yakhala ikuchitikira ku ofesi yomweyo imene imalembetsa mabizinesi.

Mutu wa zizindikiro za malonda ndi umene ndinauwerenga kawiri konse, ndipo ndi umene unandiuza zoona zimene sindinkafuna kumva. Kosiyi imafotokoza kuti chizindikiro chiyenera kusiyanitsa katundu wako ndi wa anzako, choncho mawu amene akungonena chimene chili m'botolo, kukoma kwake kapena kumene chachokera savomerezedwa okha. Munthu sangatenge mawu akuti "jamu wa ku Zomba" kapena "chiponde chokoma" n'kunena kuti ndi ake, chifukwa aliyense wopanga jamu m'boma lino ali ndi ufulu wonena kuti jamu wake ndi wa ku Zomba. Nditayang'ana dzina limene ndinaligwiritsa ntchito zaka zonsezi, ndinaona kuti linali dzina la malo lophatikiza ndi liwu lotamanda, basi. Ndinali kulikonda, makasitomala anali atalizolowera, koma pamaso pa lamulo linali lofooka, ndipo n'chifukwa chake kunali kosavuta kuti wina aliyandikire. Dzina lolimba ndi lopeka kumene, kapena liwu lodziwika limene silikugwirizana konse ndi katunduyo. Ndikuona kuti phunziro limeneli lokha likadandifika ndisanasindikize malebulo oyamba, likadandipulumutsira ndalama zambiri.

Mutu womwewu unanditsegula maso pa nkhani ya magulu a katundu. Mayiko ambiri amatsatira ndondomeko imene inachokera pa mgwirizano wa ku Nice, yomwe ili ndi magulu 45: magulu 34 a katundu ndi 11 a ntchito zothandiza anthu. Jamu ndi chiponde zili m'gulu 29, uchi uli m'gulu 30, timadziti ta zipatso tili m'gulu 32, pamene malo odyera ali m'gulu 43. Chitetezo chimafika pa katundu amene wamutchula polembetsa, choncho munthu ayenera kuganiziratu kumene bizinesi yake ikulowera. Chinanso n'chakuti chitetezocho chimathera m'malire a dziko limene walembetsamo. Chizindikiro cholembetsedwa m'Malawi sichikuteteza ku Mozambique kapena ku Zambia. Amene akufuna mayiko angapo nthawi imodzi angadzere ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lomwe likulu lake lili ku Harare, pansi pa pangano la ku Banjul la 1993, kapena njira ya Madrid imene Malawi analowamo mu 2018. M'chaka chomwecho cha 2018 dziko lino linakhala ndi lamulo latsopano la zizindikiro za malonda, lolowa m'malo mwa la 1957, ndipo pansi pa lamulo latsopanoli chizindikiro chimatetezedwa zaka 10, zikatha n'kuwonjezera zina 10, malinga ngati mwini wake akulipira.

Poyamba ndinkaganiza kuti mutu wa copyright, umene ndi umwini wa ntchito yaluso, ndi wa oimba ndi olemba mabuku okha, koma ndi umene unathetsa vuto langa la pa shelefu ija. Umwini wa ntchito yaluso umabadwa pomwe ntchitoyo yapangidwa, popanda kulembetsa kulikonse, monga mmene pangano la ku Berne limanenera, ndipo kuno kwathu, pansi pa lamulo la 2016, umakhalapo moyo wonse wa mwini luso ndi zaka 50 iye atamwalira. Chithunzi cha phiri cha pa lebulo yanga anachijambula ndi mnyamata wina waluso wa ku Chikanda, ndipo ine ndinangomulipira pamanja osalemberana kanthu. Kosiyi imachenjeza kuti m'mayiko ambiri mwini woyamba wa chithunzi ndi amene anachijambula, ndipo kulipira kokha sikutsimikizira kuti ufulu wonse wasamukira kwa wogula. Ndinamufunafuna mnyamatayo, tinakhala pansi, tinalemba mgwirizano woti chithunzicho wandipatsa kuti chikhale cha bizinesi yanga, ndipo ndinamuwonjezera ndalama chifukwa ndinaona kuti n'koyenera kutero. Ndi pepala limenelo m'manja ndinapita kukacheza ndi mayi amene ankapanga mabotolo ena aja. Sitinakangane. Anavomera kuti amene anawasindikizira malebulo anangokopera yanga, ndipo patapita milungu ingapo chithunzicho chinachoka pa mabotolo awo.

Ndinaphunziranso kuti copyright imateteza mmene chinthu chalembedwera kapena chajambulidwira, osati ganizo limene lili mkati mwake. Ndikalemba kaphikidwe ka jamu wanga m'kabuku, palibe wololedwa kusindikiza kabukuko popanda chilolezo changa, koma aliyense wowerenga angathe kukaphika jamuyo kwake. Chotero muyezo wa shuga ndi mandimu umene ndinaupeza patapita zaka zoyesayesa umatetezedwa ndi kusunga chinsinsi basi, ndipo tsopano atsikana awiri amene amandithandiza ntchito amadziwa kuti zimenezi sizituluka m'khitchini. Anzanga a malesitilanti ndi mabala akumbukirenso kuti nyimbo zimene amaseweretsa makasitomala zili ndi eni ake, ndipo chilolezo chake chimachokera ku COSOMA, bungwe limene lakhala likugwira ntchito imeneyi kuyambira 1992.

Mutu wa patenti, chitetezo chimene chimaperekedwa kwa amene watulukira chinthu chatsopano, ndinauwerenga pamodzi ndi achimwene anga, amene amawotcherera zitsulo ku Chinamwali ndipo anandipangira makina opukusa ndi manja osendera mtedza. Iwo ankakhulupirira kuti makinawo angawalemeretse ngati atawalembetsa. Kosiyi imatchula zinthu zitatu zofunika: chopangidwacho chikhale chatsopano pa dziko lonse lapansi, chikhale ndi nzeru yoposa imene mmisiri wina aliyense wa ntchitoyo akadaiganiza mosavuta, ndiponso chikhale chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito. Mfundo yoyambayo ndi yolemera kuposa mmene imamvekera, chifukwa m'mayiko ambiri kuonetsa chinthucho poyera usanapereke pempho kumachichotsera utsopano wake, kaya wachionetsa pa chionetsero cha zamalonda ku Chichiri kapena waika kanema wake pa Facebook. Achimwene anali ataika kale kanema wa makina awo pa Facebook, ndiponso anali atagulitsa angapo. Titafufuza mu PATENTSCOPE, nkhokwe yaulere ya WIPO ya zikalata za mapatenti, tinapeza kuti anthu a m'mayiko ena anapanga kale makina ambiri osendera mtedza, ena oyandikana kwambiri ndi awo. Anakhumudwa, ndipo inenso ndinawamvera chisoni chifukwa ndinaona thukuta limene anakhetsa. Komabe anapulumutsa ndalama zimene akadataya kwa loya pa pempho lopanda tsogolo, ndipo zojambula zimene tinaona m'menemo zinawapatsa nzeru yokonzera sefa ya makinawo kuti mtedza usamasweke kwambiri. Patenti ya ku ARIPO imakhala zaka 20 ndipo imafuna kulipiridwa chaka ndi chaka, pamene kwa amisiri okonza zinthu mwa apo ndi apo kulinso chitetezo chaching'ono chotchedwa utility model, cha zaka 10. Achimwene anena kuti chinthu chotsatira chimene akupanga sachionetsa kwa wina aliyense asanafunse za njira imeneyi.

Amene akufuna kulowa kosiyi adziwiretu zinthu ziwiri. Choyamba, imaphunzitsidwa m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zina zikuluzikulu monga Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mawu ake ena ndi a zamalamulo, moti amene sanazolowere kuwerenga Chingerezi chotere ndi bwino awerenge limodzi ndi mnzake, monga ndinachitira ine ndi mwana wa achemwali uja. Chachiwiri, inakonzedwera anthu a mayiko onse, choncho imaphunzitsa mfundo zikuluzikulu, osati malamulo a Malawi, mafomu ake kapena ndalama zolipira. Zonse zimene ndatchula zokhudza malamulo athu ndinazipeza pambali, powerenga ndi pofunsa. Mitu ina, monga ya mapangano a pakati pa mayiko ndi ya ufulu wa opanga mbewu zatsopano, ndinangoidutsa mokwanira kukhoza mayeso, ngakhale kuti mutu wa katundu wodziwika ndi dera lake unandichititsa kuganizira za mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, ndiponso ngati alimi a zipatso a m'phiri lathuli sangapindule atagwirizana pa dzina limodzi.

Kwa munthu amene ali ndi lebulo, dzina la shopu kapena chida chimene wapanga yekha, ndikuona kuti maola 55 amenewa ndi oyenera kuwapezera mpata, makamaka asanapite kwa wosindikiza kapena kwa loya. Ine ndinasankha dzina latsopano lopeka, ndinaliyang'ana mu Global Brand Database, nkhokwe ya WIPO ya zizindikiro za malonda imenenso ndi yaulere, kenako ndinapempha kuti alifufuzenso m'kaundula wa kuno kwathu ndisanapereke mafomu a gulu 29. Pakadali pano ndikusindikiza dzina latsopanolo pamwamba ndi lakale lija pansi m'zilembo zing'onozing'ono, kuti makasitomala a ku Matawale ndi a mu msika waukulu azolowere pang'onopang'ono, ndipo ndayamba kusunga ndalama za gulu 32, chifukwa nyengo ya mango ikafika ndikufuna kuyamba timadziti.