Ndemanga: tmpfs pa makompyuta a RAM yochepa

tmpfs ndi njira ya Linux yosungira mafayilo mu RAM (malo amene kompyuta imasungamo zinthu kwakanthawi ikamagwira ntchito) m'malo mwa disiki, n'chifukwa chake kulemba ndi kuwerenga kumathamanga kwabasi. Kuikhazikitsa ndi mzere umodzi: mount -t tmpfs -o size=512M tmpfs /mnt/ram.

Musaiwale size, mbali ya mzerewu yoika malire a kukula kwa tmpfs. Mukapanda kuitchula, malire amakhala theka la RAM yonse, 2GB pa kompyuta ya 4GB, zomwe n'zochuluka pa makina akale. tmpfs ikadzaza imakana bwinobwino ndi uthenga wakuti No space left on device. Mnzake ramfs alibe malire, amangodya RAM mpaka kompyuta kuuma gwa.

Vuto la tmpfs, akuno ku Dedza mukulidziwa: magetsi akathima popanda batire, zonse zapita. Pa mafayilo oyesera pulogalamu ndi yabwino zedi. Malipoti a ndalama ayi, amenewo sungani pa disiki.